Makobiri otengera a drachma ndi dirham: kumaso ali bwino, pa sikelo akuperewera

Pa misika ya pa intaneti pamapezeka timabokosi ta makobiri opangidwa motengera ndalama zakale za Agiriki, Aperezi ndi Aarabu. Ogulitsa amaika anayi, asanu kapena kuposerapo m'seti imodzi, lililonse m'kathumba kake ka pulasitiki, ndipo ena amawonjezera kapepala kofotokoza mbiri yake. Kuno ku Blantyre amafika monga amafikira katundu wina yense wamng'ono woitanitsa: kudzera kwa otumiza katundu a ku China ndi ku Dubai, kapena m'chikwama cha m'bale wochokera kunja. Kwa mphunzitsi wa ku sekondale, mlaliki, kapena kholo lofuna kuti mwana agwire ndi dzanja zimene amangoziona m'buku, ndi katundu woyenera kugula. Koma amene akuganiza kuti akusunga chuma, ameneyo akutaya ndalama. Ngakhale kwa mphunzitsiyo, seti payokha ndi yoperewera. Imafunika kuyenda ndi kasikelo ka m'thumba.

Chifukwa chake n'chakuti drachma isanakhale kobiri inali muyeso. Agiriki eni ake ankafotokoza kuti dzinali linachokera ku mawu awo otanthauza kufumbata. Makobiri asanabwere, anthu ankagula zinthu ndi timitengo tachitsulo towotchera nyama, totchedwa obelos, tonga mawaya a kanyenya koma tatitali ndi tonenepa kwambiri. Dzanja limodzi linkafumbata timitengo 6. Mtolo wa timitengo totere unafukulidwa pa kachisi wa Hera, mulungu wamkazi wa Agiriki, pafupi ndi mzinda wa Argos. Siliva atalowa m'malo mwa chitsulo, kawerengedwe kanatsala komweko: ma obol 6 ndi drachma imodzi, ma drachma 100 ndi mina imodzi, ma mina 60 ndi talente imodzi, yomwe ku Athens inali pafupifupi makilogalamu 26 a siliva. Mizinda inkasiyana miyeso. Drachma ya ku Aegina inkalemera magalamu 6 ndi kakang'ono pamwamba, ya ku Corinth pafupifupi 2.9, ya ku Athens 4.3. Wosintha ndalama pa doko la Piraeus, la mzinda wa Athens, sankakhutira ndi chithunzi cha pa kobiri, ankaliika pa sikelo. Ndiye kobiri lotengera likalondola chithunzi n'kuphonya kulemera, laphonya chinthu chenicheni chimene dzina lake linkanena.

Kadzidzi wa ku Athens

Pafupifupi seti iliyonse imayamba ndi kobiri la kadzidzi, ndipo ndi limene limakopa ogula. Dzina lake ndi tetradrachm, ma drachma anayi m'kobiri limodzi. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 17.2, m'mimba mwake ndi mamilimita 24 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo ndi lonenepa ndithu. Athens inayamba kulidinda chakumapeto kwa zaka za m'ma 500 BC ndi siliva wa ku migodi ya Laurion. Kutsogolo kuli mutu wa Athena, mulungu wamkazi wa mzindawo, atavala chisoti cha nkhondo. Kumbuyo kuli kadzidzi, thupi litatembenukira kumanja koma maso ali kwa inu, kanthambi ka azitona, kamwezi, ndi zilembo zitatu AΘE. Ana a kuno amayamba adabwa kuti mtundu wa anthu ungaike bwanji mbalame ya malodza pa ndalama yake. Kwa anthu a ku Athens inali mbalame ya mulungu wawo wamkazi wa nzeru, ndipo kukambirana kumeneko kokha n'kokwanira phunziro lathunthu.

Otengera ambiri chithunzi amachilondola: diso la Athena looneka lathunthu ngakhale nkhope yayang'ana kumbali, masamba atatu a azitona pa chisoti, kadzidzi ali m'kati mwa kabwalo ka makona anayi kolowa m'kati. Cholakwika chake n'chakuti amakongola mopitirira. Lenileni linkapangidwa poika kambulu wa siliva pakati pa zidindo ziwiri n'kumenya ndi nyundo. Kambuluyo kawirikawiri ankachepa, choncho nthenga za pamwamba pa chisoti zimadukira m'mphepete, chithunzi chimapendekera mbali imodzi, ndipo m'mbali mumakhala timing'alu tobwera ndi mphamvu ya nyundo. Ena ali ndi chipsera cha tchizulo, pamene wamalonda wakale anatema kuti aone ngati m'kati muli siliva. Lotengera limabwera lozungulira bwinobwino, chilichonse chili pakati.

Pa kulemera ndi pamene nkhani imavuta. Siliva wolemera magalamu 17.2 amatenga malo okwana makyubiki sentimita 1.64. Mukadzaza malo omwewo ndi bulasi mupeza magalamu pafupifupi 14; ndi pyuta, chitsulo chofewa chosakaniza chomwe mbali yaikulu ndi tini, pafupifupi 12; ndi zinki wosakaniza, pafupifupi 11. Opanga ali ndi njira ziwiri basi: kusunga kukula kwake kobiri n'kupepuka, kapena kulikulitsa kuti lifike pa 17. Ambiri amasankha yoyamba. Ife tikuona kuti yoyambayo ndi yabwinopo pophunzitsa, bola wophunzitsayo anene kulemera kwenikweni, chifukwa diso la mwana limasunga kukula kolondola.

Kuti ana amve mtengo wake: chakumapeto kwa zaka za m'ma 400 BC, amisiri omanga kachisi wa Erechtheion ku Athens ankalandira drachma imodzi pa tsiku. Kadzidzi mmodzi anali malipiro a masiku anayi.

Kobiri lachiwiri nthawi zambiri ndi drachma ya Alexander, mfumu ya ku Macedonia, amene analamulira kuyambira 336 mpaka 323 BC. Ndi laling'ono, mamilimita 17 kapena 18, magalamu 4.2 mpaka 4.3. Timapepala ta ogulitsa ena timati mutu uli pamenepo ndi wa Alexander. Ayi, ndi wa Heracles, ngwazi ya m'nthano za Agiriki, atavala chikopa cha mkango, ndipo kumbuyo kuli Zeus, mulungu wawo wamkulu, atakhala pa mpando, chiwombankhanga chili pa dzanja. Alexander anatenga muyeso wa ku Athens n'kuufalitsa kuchokera ku Macedonia mpaka ku Babylon, ndipo mizinda inapitiriza kudinda makobiri m'dzina lake kwa zaka zoposa 200 iye atamwalira. Otengera a mtundu uwu ndi amene amatuluka bwino kuposa onse, poti kobirilo ndi laling'ono ndipo chithunzi chake sichozama.

Alaliki adzalikonda pa chifukwa china. Ndalama ija inatayika m'fanizo la pa Luka 15, mayi n'kuyatsa nyale ndi kusesa nyumba, m'Chigiriki ndi drachma. Msonkho wa kachisi wa pa Mateyu 17 ndi didrachma, ma drachma awiri, ndipo kobiri limene Petro analipeza m'kamwa mwa nsomba linali lokwanira anthu awiri. Kungoti drachma ya Alexander ndi yakale ndi zaka mazana atatu kuposa nthawi ya Yesu, choncho ndi chitsanzo cha kukula kwake chabe. Osauza mpingo kuti ndi lomwelo.

Mlatho umene maseti ambiri amaudumpha

Musanalipire, yang'anani ngati m'setimo muli kobiri la Aperezi. Maseti otchipa amachoka pa Alexander n'kulumphira pa dirham ya Aarabu, ngati kuti dzinalo linauluka zaka 1,000. Njira yake inadutsa ku Persia. Mafumu a Parthia anadinda ma drachma a siliva okhala ndi malemba a Chigiriki. Otsatira awo, mafumu a Sasan, amene analamulira kuyambira 224 mpaka 651, anasunga dzinalo ngati drahm ndi kulemera kwa magalamu 4 kapena kupitirira pang'ono, koma maonekedwe anawasinthiratu: kobiri linaphwanyidwa kukhala lopyapyala ndi lotambalala, mamilimita pafupifupi 30. Kutsogolo mfumu itavala chisoti chachifumu, kumbuyo guwa la moto ndi alonda awiri. Ofala kwambiri ndi a Khusrau II, wa 590 mpaka 628. Popanda kobiri limeneli, mwana sangamvetse kuti kadzidzi wonenepa uja anasanduka bwanji kachimbale kopyapyala ka Aarabu.

Likapezekamo, ndi limene limatuluka moipa kuposa onse. Chitsulo chosungunula sichiyenda bwino m'chikombole chopyapyala, choncho opanga amalinenepetsa, mwina kawiri. Malemba ake a Chipahlavi, Chiperezi cha nthawiyo, omwe amatchula kumene linadindidwa ndi chaka cha ufumu, amasanduka timizere topanda tanthauzo.

Aarabu atalanda Persia anapitiriza kudinda makobiri omwewo, nkhope ya mfumu ya Chiperezi ili pomwepo, n'kungowonjezera mawu a Chiarabu m'mphepete. Kusintha kwenikweni kunabwera ndi khalifa Abd al-Malik, mtsogoleri wa Asilamu pa nthawiyo: dinar ya golide ya malemba okhaokha m'chaka cha 77 cha Hijra (kalendala ya Chisilamu), chomwe ndi 696 mpaka 697, ndi dirham ya siliva m'chaka cha 79, chomwe ndi 698 mpaka 699. Zithunzi zonse zinachoka. Dinar inali magalamu 4.25, ndipo ma dirham 10 ankalemera mofanana ndi ma dinar 7, zomwe zikupereka magalamu 2.97 pa dirham. Enieni amene atsala lero ambiri amasewera pa 2.8 ndi 2.9. Muyeso umenewu sunafe. Asilamu powerengera zakaat, chopereka chawo cha pa chuma, amagwiritsabe ntchito malire a ma dirham 200, amene ambiri amawawerenga kuti ndi magalamu 595 a siliva.

Dirham yotengera imaweruzidwa ndi malemba, poti palibenso china. M'mphepete mwa yeniyeni mumalembedwa kuti dirham iyi inadindidwa mumzinda wakuti, monga Wasit kapena Damascus, m'chaka chakuti, chakacho chili m'mawu, osati manambala. Kalembedwe kake ndi ka Kufi, kopanda timadontho, kovutirapo ngakhale kwa wodziwa Chiarabu cha lero. Komabe shehe kapena mwalimu wa ku madrasa akhoza kukuuzani msanga ngati mawuwo akuwerengeka kapena wopanga anangojambula zimene sankazidziwa. Mudziwenso kuti pa kobirili pali mawu a m'Qur'an ndi dzina la Mulungu. M'kalasi mokhala ana a Chisilamu, si loponya pansi kapena kuchitira maere.

Ma dirham amenewa anayenda mtunda wodabwitsa. Pa chilumba cha Gotland ku Sweden, m'chaka cha 1999, anafukula chuma cha Spillings chokhala ndi makobiri oposa 14,000, ambiri mwa iwo ma dirham a m'maiko a Chisilamu. Timapepala ta m'maseti timakonda nkhani imeneyi ya kumpoto. Za kum'mwera timangoti zii.

Pomwe seti imathera, nkhani ya kwathu ikuyamba

M'Chiarabu, ma dirham ambiri ndi darahim. Akatswiri ambiri a zinenero amati mawu athu akuti ndalama anachokera pamenepo, kudzera m'malonda a m'mphepete mwa nyanja ya Indian. Abale ake ali ponseponse m'chigawo chino: Atumbuka amati ndalama, Abemba indalama, ndipo kwa Ashona ndarama ndi golide. Tanthauzo la Chishonalo likugwirizana ndi mbiri ya malondawo, chifukwa golide wa m'dziko la Zimbabwe ankatsikira ku doko la Sofala ku Mozambique n'kupita ku Kilwa ku Tanzania, mzinda umene unkadinda makobiri akeake a mkuwa. Limodzi mwa makobiri a ku Kilwa linapezeka ku Great Zimbabwe. Apa mphunzitsi asamale: chimene chinalowa mpaka kumtunda kuno ndi dzina, koma makolo athu sankagulira zinthu ndi ma dirham. Ankasinthanitsa ndi nsalu, mikanda, makasu, mchere ndi mkuwa.

Musayembekezere kuti seti yopangidwira ogula a ku Europe ndi ku America ikufikitsani pamenepa. Mpata umenewu mukhoza kuutseka nokha, ndi makobiri enieni otchipa. Amalonda a ku Limbe amene amapita ku Dubai amabwera ndi chenji m'matumba. Pemphani kobiri la dirham imodzi la United Arab Emirates, dziko limene muli Dubai, lija lili ndi chithunzi cha ketulo ya khofi. Dzikolo linayamba kugwiritsa ntchito dirham mu 1973, Morocco mu 1960, ndipo Armenia ili ndi dram kuyambira 1993. Greece yokha inabwezeretsa drachma mu 1832 n'kuisiya mu 2002 polowa mu euro, pa mtengo wa ma drachma 340.75 pa euro imodzi. Kobiri lawo la euro imodzi lili ndi kadzidzi yemwe uja. Mukaika dirham ya ku Dubai ndi euro imeneyi pambali pa otengera, ndi K10 yachitsulo kumapeto, mzere wakwana.

Kuyesa chimene mwagula

Kasikelo kofunika ndi kaja ka mabatire, kowerenga mpaka 0.01 ya galamu, kofika magalamu 200. Ka kukhitchini kowerenga galamu imodziimodzi n'kosathandiza, chifukwa dirham ya 2.9 kadzangoti 3. Timasikelo totchipati timagwira ntchito, koma tili ndi matenda ake. Mabatire akayamba kutha, manambala amayendayenda. Mphepo ya pa windo, fani, ngakhale mpweya wa m'kamwa, zimasuntha nambala yomaliza. Tebulo logwedera kapena lopendekeka limanamiza. Muzikayatsa n'kudikira mphindi imodzi, ndipo muziika kobiri pakati pa mbale nthawi zonse. Ngati sikanabwere ndi mwala woyesera, gulani sirinji ku famase: mamililita 10 a madzi oyera amalemera pafupifupi magalamu 10. Sirinji si yolondola kufika pa 0.01, koma imagwira sikelo yosokonekera kwambiri.

Yambani ndi maso, makamaka m'mphepete. Kobiri lothiridwa m'chikombole limakhala ndi kamsoko kozungulira pamene mbali ziwiri za chikombole zinakumana, kapena mizere ya tupa pamene anafuna kukafafaniza. Pankhope pamakhala timaenje ndi tizithupsa ta mpweya, ndipo zilembo zimaoneka zofewa ngati zasungunuka. Opanga oona mtima amadinda chizindikiro. Lamulo la ku America la 1973 limafuna kuti makobiri otengera ogulitsidwa kumeneko alembedwe COPY, ndipo ena opangidwa ku Britain ali ndi zilembo WRL. Sankhani okhala ndi chizindikiro. Sichiwononga phunziro, ndipo chimateteza munthu amene kobirilo lidzamugwere m'manja zaka zikubwerazi.

Maginito ndi mayeso ofooka kuposa mmene anthu amaganizira. Akakoka kobiri, ndiye kuti muli chitsulo kapena nikelo, nkhani yatha. Akapanda kukoka, simunadziwe kanthu, chifukwa siliva sakokedwa, koma bulasi, zinki, mkuwa ndi mtovu nazonso sizikokedwa.

Mayeso amphamvu ndi a madzi. Yesani kobiri louma, lembani nambala. Ikani kakapu ka madzi pa sikelo, kakang'ono kuti kasapitirire magalamu 200, n'kudina batani lobwezera pa ziro. Mangani kobiri ndi ulusi wosokera, mulitsitse mpaka limire lonse koma lisakhudze pansi kapena m'mbali, dzanja mutalitsamiritsa pa mabuku kuti lisanjenjemere. Nambala imene yatuluka ndi kulemera kwa madzi amene kobirilo lakankha. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiriyi. Siliva weniweni amapereka pafupifupi 10.5, mkuwa 8.9, bulasi 8.5, tini ndi zinki 7 ndi kakang'ono, mtovu 11.3. Kadzidzi wa siliva wa magalamu 17.2 amasonyeza 1.64 m'madzi, wa bulasi wolemera chimodzimodzi amadutsa 2.

Zimene zimasokoneza mayesowa ndi zitatu. Timathovu ta mpweya timamatirira m'maso mwa kadzidzi ndi mu ulusi, n'kukweza nambala. Nyowetsani kobiri kaye ndi kadontho ka sopo wamadzi. Ulusi wonenepa umawonjezera zake. Chachitatu ndi kuchepa kwa kobiri lenilenilo. Dirham ya magalamu 2.9 imakankha madzi okwana 0.28 okha. Sikelo ikaphonya ndi 0.01 kumwamba kapena pansi, yankho limachoka pa 10.0 kufika pa 10.7. Choncho pa kadzidzi mayesowa ndi odalirika, pa drachma ndi apakatikati, pa dirham amangothandiza kusiyanitsa siliva ndi zinki. Komanso akathyali odziwa ntchito amasakaniza mtovu ndi tini kuti afike pafupi ndi 10.5, kotero nambala yabwino sikutanthauza kuti kobirilo ndi lakale. Pali otengera opangidwa ndi siliva weniweni, odindidwa ndi nyundo, ndipo amenewo amadutsa mayeso onsewa. Ndi abwino kwambiri pophunzitsa ngati thumba likulola, koma mtengo wake uyenera kukhala wa siliva ndi luso, osati wa zaka 2,400.

N'chifukwa chake munthu akakubweretserani kobiri lodetsedwa ndi dothi, akuti latoledwa m'munda kapena linasiyidwa ndi azungu akale, n'kutchula mtengo wa galimoto, musachite naye manyazi, liikeni pa sikelo. Kudetsa kobiri latsopano kuti lioneke lakale ndi ntchito ya tsiku limodzi. Enieni amagulitsidwa ndi mapepala osonyeza kumene achokera, ndipo maiko monga Greece salola kuti zinthu zakale zituluke popanda chilolezo.

Pa kasungidwe, siliva wopaka pamwamba pa otengera ndi wopyapyala kwambiri. Mankhwala opukutira zitsulo, phulusa kapena mchenga zimamuchotsa tsiku lomwelo, n'kutsala chikasu cha bulasi pa mphuno ya Athena ndi pamutu pa kadzidzi. Ngakhale osapukuta, manja a ana a kalasi yonse amayamba kudya malo otukukawo. Nsalu youma ndi yokwanira. Timatumba tofewa timene amabweramo, ngati ndi ta pulasitiki wa mtundu wa PVC, timasiya utoto wobiriwira womata pa kobiri, makamaka nyengo ya mvula. Tichotseni, muike makobiri m'timaenvulopu ta pepala kapena m'kabokosi koyala nsalu. Ngati wogulitsa sananene chitsulo chimene anagwiritsa ntchito, muganize kuti mukhoza kukhala mtovu: ana asambe m'manja akatha kugwira, ndipo aang'ono asapatsidwe. Maseti ena amakhala ndi obol, kakobiri ka magalamu 0.72 kochepa kuposa chikhadabo. Anthu a ku Athens ankatinyamula m'kamwa popita kumsika, ndipo m'kalasi simulephera mwana wofuna kuyesa zomwezo akamva.

Poitanitsa, funsani wogulitsa kulemera ndi kukula kwa kobiri lililonse, mtundu wa chitsulo, ndi chithunzi cha m'mphepete mwake, osati cha nkhope chokha. Wokana kutumiza chithunzi cha m'mphepete mumusiye. Mumuuzenso alembe pa invoisi kuti ndi makobiri otengera ophunzitsira, ndi mtengo wake weniweni, kuti phukusi lisachedwe kwa a kasitomu poganiziridwa kuti ndi siliva kapena zinthu zakale.